Mkonono wa Adalaivala

Mayi Telala a pakona paja adakwatiwa ndi mkonono. Zaka makumi atatu! Aliyense wobwera kudzayesa diresi ankachoka ataumva wonse, poti mayiwo ankautsanzira mapini ali kukamwa: kukoka kawiri, kakhweru, kenako giya. Amuna awo anali dalaivala wa basi, ndiye mayi ankati injini amabwera nayo kunyumba. Adafika posoka timipira tansalu totsekera m'makutu. Osathandiza.

Chaka chatha Adalaivala adawachita opaleshoni ya chiuno. Atatuluka adawabaya mankhwala amphamvu opha ululu, aja ogonetsa, n'kuwapanitsa pachala kachipangizo koyeza mpweya m'magazi. Masana mayi adafika ndi fulasiki, n'kupeza mlamu wawo, mng'ono wa wodwalayo, atakhala pambali pa bedi ngati bwana.

"Pang'onopang'ono, alamu. Achimwene agona bwino."

Mayi adakhala, n'kutchera khutu. Kukoka kamodzi. Zii. Kakhweru kulibe. Adawerenga chamumtima mpaka khumi ndi zisanu, ndiye kukoka kwina, kofooka.

"Uwu si mkonono wa amuna anga."

"Inunso! Akaliza mumadandaula, akaleka mukudandaulanso. Taonani makinawo, manambala ali bwinobwino."

Mayi adalondola waya ndi maso monga alondolera ulusi. Waya adakathera pachala cha mlamu.

"Kachipangizoka kamangolira, kuwasokoneza tulo," adatero mlamu, "ndiye ndangowagwirira kaye."

"Alamu, mutu wanuwo ndi wongokolekapo chipewa?"

Mayi adawagwedeza amuna awo, osadzuka, milomo itayamba kutuwa. Mayi adakuwa mpaka wodi yonse idadzidzimuka. Namwino adathamanga, kubwezera kachipangizo pachala cha mwini wake, makina n'kuyamba kulira. Adawaveka chopumira cha okosijeni, dokotala n'kudzawabaya jakisoni wobweza mphamvu ya mankhwala aja. Namwino adati mankhwala otere amatha kugonetsa munthu mpaka thupi kuiwala kupuma.

Adalaivala adatsegula diso limodzi. "Amayi a ana, ndi kuchipatala komwe mukulongolola?"

Mayi adangokhala pansi, fulasiki ili chigwirire.

Lero mukapita kukayesa diresi, mkonono mudzaumvabe, koma amautsanzira mofatsa. Timipira tija amabayapo mapini. Amati giya ija ikapanda kulowa, tulo sitibwera. Mlamu akadutsa panjira, amamukuwira pawindo: "Alamu, chala chikupuma bwanji?"