Mayankho ofanana a amayi othyola tiyi

Nkhaniyi sindinauzepo munthu, ngakhale ana anga. Ndinapita kuyunivesite kukaphunzira jogalafe imvi zitatuluka kale, nditagwira ukapitawo pa esiteti ya tiyi ku Thyolo zaka zambiri. Ukapitawo wangawo unalibe chifundo. Mayi akachedwera kotunga madzi ndinkamubweza, osathyola tiyi tsiku limenelo, ndipo mpaka lero zimandisowetsa mtendere.

Kafukufuku womalizira maphunziro anga anali wofuna kudziwa kutalika kwa kumene amayi omwewo amatunga madzi. Ndinakaima kumapeto kwa mzere wa tiyi monga kale, n'kumawafunsa mmodzimmodzi. Aliyense ankangoti, "Madzi ali pafupi, bwana." Nditaphatikiza mayankhowo, ziwerengero zinatuluka zosalala, popanda wosiyana ndi mnzake.

Anyamata a m'kalasi mwathu anaseka. "Madala, mwakhoza kale apa, kaperekeni basi."

Koma tinali titaphunzira kuti anthu onse akayankha chimodzimodzi, uyambe wakayikira wofunsayo. Ndinapita kwa aphunzitsi athu, mayi wamsinkhu wa mwana wanga, n'kuwauza kuti ziwerengero zangazo zayeza mantha, osati mtunda wa kumadzi.

"Mwaziona nokha zimenezi, bambo?" anandifunsa. "Ndiye kamvetsereni kaye, kuwerenga pambuyo."

Pa masiku onse a sukulu, palibe lina limene ndinadzinyadira ngati limenelo.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi kubwerera ku Thyolo. Nditafika ndinabwereka ndowa, n'kutsika ndi amayiwo kukhwawa, ine pambuyo pawo, ndikumvetsera.