Makoma oyang'ana kunja

Nyumba imene anamanga malemu bambo anga ku Mphunzi inang'ambika khoma ndi mvula, koma amayi anakanitsitsa kuti tiigwetse. Ine ndi pakamwa pangapa ndinalonjeza kuti: "Amayi, ndijambula m'kati monse ndi foni, muzidzalowamobe pa kompyuta." Anavomera monyinyirika. Ndinajambula chipinda chilichonse, pulogalamu ina inalumikiza zithunzizo kukhala nyumba yoti munthu n'kuyendamo, ndipo alamu anga anagwetsa yeniyeniyo.

Mavuto anayamba nditasamutsira nyumbayo mu pulogalamu yoonetsera. Munali batani lolonjeza kukonza zolakwika zonse, ine wokonda zachidule ndinalidina. Nditalowa pabalaza pa kompyutapo, makoma kulibe! Denga kulibenso, mdima wokhawokha. Kunjaku njerwa zinali kale mulu. Ndinachita mantha kwambiri, thukuta kamukamu ndi kuzizira konse kwa kwathu kuno.

"Kodi tilowa liti?" anafunsa amayi ali pakhonde.

"Posachedwapa, amayi," ndinayankha, osadziwa kuti ndilowera kuti.

Ndinaimbira mnzanga amene ndinaphunzira naye zojambula pa kompyuta. Anayamba wandiseka kaye, kenako anati, "Tuluka m'nyumbamo, uyione uli panja."

Ndinatero, ndipo makoma onse analipo. Iye anafotokoza kuti khoma la pa kompyuta ndi tizigamba ta ngodya zitatu, kalikonse kali ndi kumaso ndi kumbuyo ngati chitenje, ndipo pulogalamuyo imaonetsa kumaso kokha. Batani lija limayesa kuti chinthu chilichonse ndi mbatatesi, choonera kunja, ndiye linatembenuzira tizigamba tonse panja. Pamene ine ndinajambula m'kati.

Ndinayatsa timivi tosonyeza kumene kachigamba kalikonse kayang'ana. Timivi tonse tinali titaloza kunja. Ndinasankha tizigamba tonse, n'kutitembenuza. Makoma anabwerera, mpaka mwaye wa koloboyi pamwamba pa zenera. Mtima unakhala pansi.

Amayi anasamba m'manja, anakonza duku, n'kudzakhala pafupi nane. Ndinawalowetsa pakhomo, kudutsa pabalaza, mpaka kuchipinda chawo. Ndinayamba kuwaonetsa luso langa, uku ndi uku, koma anandigwira mkono.

"Usandithamangitse, mwanawe. Ndisiye pompano, pazenera pamene ankakhala bambo ako. Iwe pita ukaone mbuzi."

Ndinatuluka, n'kuwatsekera chitseko.