Mapila a m'Tsindwi

Kankhali kameneko kanali kakuda bii ndi mwaye, pakamwa pake pomata ndi dothi la pachulu. Amai anakapachika m'tsindwi, pamwamba pa mafuwa, kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. M'kati munali mapila a mbeu osakaniza ndi phulusa. Ine ndinali nditangogweluka mano akutsogolo, ndipo ndikagona chagada pamphasa maso anga ankathela pa kankhaliko.

Tinkakhala ku Nyalugwe, kumunsi kuja, kumene dzuwa la nthawi ya nyenje limakuotcha uli pamthunzi. Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chili m'chiuno. Atate anali ku migodi, kunali zii. Pakhomo tinatsala ine, amai, ndi mlongo wanga wamng'ono amene anali atangosiya bele. Amalume ankakhala kuseli kwathu, pafupi ndi khola lopanda mbuzi.

Tinadya gaga mpaka anatha. Tinadya mango aawisi ophika. Kenaka tinafika pa bwemba. Amai ankamuviika m'madzi, nkuthilamo phulusa losefa kuti aphe kuwawasa, nkutuluka chiphala chotuwa chonunkha moto wozima. Ana a lelo ndikawauza amagwa ndi phwete, ati agogo munkadya phulusa inu? Aseke, mimba zao nzokhuta.

Kunja kwa mudzi kunali thanthwe la maenje osalala, kumene tinkapela njele za udzu. Dzenje lina dzanja langa linkalowa mpaka m'chigongono. Ndinafunsa amai kuti anakumba ndani. Anati, "Anthu a njala ngati ife. Pela, usiye kulongolola." Lelo ndimaganiza kuti panatha manja a akazi angati kuti mwala udyeke chotelo. Maina ao palibe amawadziwa. Maenje alipo, ndinakawaona nditapita kumalilo kwathu, mbuzi zikumwamo madzi a mvula.

Mlongo wanga phulusa linamukana. Mimba inatupa, tsitsi linafiila, mapazi ukadina ndi chala dzenje linkatsala. Anayamba wasiya kusewela, kenaka anasiya ndi kulila komwe.

Tsiku lina masana amalume analowa osaodila.

"Alongo, tsitsani kankhali ako. Kaphala kokha, mwanayu adzuka."

Amai anali kuingitsa ntchentche pankhope pa mwana. Sanatukule mutu. "Mvula ikagwa tidzabyala chiyani? Miyala?"

"Tidzapempha."

"Kwa yani? Mudzi wonse wadya yao. Inunso yanu munadya."

Amalume anati, "Ndinu ouma mtima." Anagubuduza mtondo, nkukwelapo kuti afikile tsindwi. Apo amai anaimilila, nkundigwila dzanja, kundikankhila kutsogolo kwao. "Tengani. Koma mutengenso uyu, mukamukwililetu lelo, ndisadzavutike chaka cha mawa."

Sindinaiwale miyendo ya amalume pamtondopo, yong'aluka. Anatsika. Analavula pakhomo, nkuuyamba ulendo wapansi wa ku Nyimba kukafuna ganyu. Atabwela ndi kaufa komanga pansalu, anapeza kamtumbila ka mwana uja katauma kale pamwamba.

Ine amai ndinawada, ndinene zoona. Ndinali mwana koma ndinkaona: chakudya chili pamwamba apo, mwana ali pansi apa. Kumanda sanadzigwetse pansi monga amachitila akazi ena. Anabwela, nkusonkha moto ngakhale panalibe chophika, kuti utsi usaleke kufika m'tsindwi.

Mvula inagwa nthawi yake, ngati palibe chinachitika. Inanunkhila monga imanunkhila chaka chilichonse. Amai anaswa dothi lija ndi chigwililo cha mpeni, tinabyala. Akazi a m'mudzi anabwela mmodzimmodzi, kugwada pakhomo, aliyense kupatsidwa kadzanja. Amalume nawo anabwela, anatambasula manja awili, osayang'ana amai kumaso.

Tsopano ndili ku Petauke, kwa mdzukulu wanga, m'nyumba ya malata. Mbeu imabwela m'thumba, yopaka mankhwala ofiila kuti isafumbwe. Chilala chaposachedwachi ndinaona ndi maso angawa anthu akuitsuka pa mjigo, madzi ofiila akuyendelela, nkupita nayo kuchigayo. Yathu ndinaikankhila pansi pa bedi langa. Mdzukulu wanga anabwela, ana ake akulila panja, anati, "Agogo, ndinu ouma mtima." Mau omwe aja, ngati anamuuza munthu. Mafoni abwela, mabasi a ku Lusaka akudutsa tsiku lonse, koma dzuwa ndi lomwe lija, ndipo likakwiya limafunsa mkazi funso lomwe lija: mbeu kapena mwana? Ife tinapulumuka tonse, ufa unapezeka. Sindinganene kuti ndinachita bwino. Ndinangochita mwai umene amai sanachite.

Mapila amene tinabyala ndi amai chaka chija anabeleka zoopsa, ngala zolemela mpaka kugwadila pansi. Tinapilikitsa mbalame mpaka mau anasasa. Tsiku loyamba kulawa zatsopano, amai anandiphikila phala lofiila, lonunkhila, nkundiikila m'mbale yodzala. Iwo anakhala potelo, akudya maungu. Ndinati, "Amai, simudya?" Anati mapila amawapweteka m'mimba. Mawa lake chimodzimodzi, mpaka nkhokwe inatha. Sanaikenso mapila m'kamwa mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Ine ndinakhulupilila za m'mimbazo. Ndinakondwa, chifukwa gawo lao ndinkadya ndine.