Lebusa ndi Ndowa ya Azakhali Ake

Ntate Lebusa, kunena kuti Bambo Lebusa, wa ku Moteng, ankadyera m'mapazi. Kuzizira kukayamba ankakwera kumtunda kwa Mahlasela kukaphunzitsa alendo kutsetsereka pa chipale, madzi oundana oyera ngati ufa amene amakuta mapiri a kumeneko, matabwa awiri aatali atamangidwa kunsapato. Paunyamata wake adali mbusa wa nkhosa, choncho phiri silinkamuopsa. Alendo ankabwera ndi majekete onyezimira, iye ankatsika atafunda bulangete lake, chipini cholimangira chili paphewa. Adali munthu wofatsa, wotha kudzutsa mlendo mmodzimodziyo tsiku lonse osamukalipira. Chimene chidamutha mtima pa moyo wake chidali ndowa ya azakhali ake.

Vuto lidagona pa miyezi. Ntchito ya kuphiri inkatha mu Ogasiti, Lebusa n'kutsikira kwa mkazi wake 'Mapuleng mu Seputembala, ndipo zotsatira zake zinkaoneka mu Juni, chipale chili pachimake. Pa mwambo wa kwawoko, bambo sauzidwa ndi pakamwa kuti mwana wabadwa. Akakhala wamwamuna, anzake amamudzidzimutsa ndi ndodo pamsana. Akakhala wamkazi, azimayi amamukhuthulira madzi. Azakhali ake, 'M'e 'Maseabata, udindo wa madziwo adaukumbatira ngati adachita kulumbirira. Amayi ena onse amadikira bamboyo afike pakhomo. Iwo ayi, ankakwera minibasi ndi ndowa pamiyendo mpaka kuphiri.

Chaka choyamba udali mmawa wotsegulira nyengo. Makina adali atapopera chipale chosalala, palibe amene adapondapo, ndipo Lebusa ndiye adayamba kutsika. Adakhota mokoma, nadzaima kutsogolo kwa alendo omwe adayamba kuwomba m'manja. Azakhali adatulukira kuseri kwa kanyumba kobwereketsera nsapato, madzi khuthu. Posakhalitsa bulangete lidauma gwa, munthu n'kumayenda ngati wasenza chitseko.

"Azakhali, kudikira ndifike kunyumba kukadavuta chiyani?"

"Mwanayo wadikira ndani? Ndi wamkazi, uzithokoza m'malo motutumutsa masaya."

Mwana wachiwiri adabwera tsiku la mpikisano wa aphunzitsi. Lebusa ankatsogola, mzere womalizira uli pafupi, pamene adaona ndowa itaima pakati pa oonerera. Adayesa kuilambalala, nakakodwa mu ukonde wa m'mbali, miyendo m'mwamba. Azakhali adayenda mosapupuluma n'kudzamuthira ali chikodwere. Pa wachitatu Lebusa adawapempha kuti mwina madziwo azikhala ofunda. Adavomera, nawatenthetsa kumudzi mbandakucha, koma pofika kuphiri adali atagwira chigamba cha ayezi chomwe chidamusiyira chotupa pamphumi.

Kuyambira pamenepo Lebusa ankanena poyera kuti akufuna mwana wamwamuna. Anzake ankayesa akulira wodzasiyira nkhosa.

"Za nkhosa zisiyeni," ankatero. "Ndodo imapweteka, koma ndi youma."

Kuseri kwa malo a alendo kuli chigwembe chachitali chimene amachitcha Khwawa la Abusa. Makina safikako, chimafuna chipale chogwa kumwamba, ndipo chokwanira chimagwa mwa apo ndi apo, pakapita zaka. Lebusa adalisirira khwawalo kuyambira akuweta nkhosa. Tsopano mawondo adali atayamba kudandaula, ndipo ankadziwa kuti akaliphonya ulendo uno basi watha nalo. Ankafuna kulitsika kamodzi, kuyambira pamwamba mpaka pansi, n'kukaima ali wouma.

Chaka cha mimba yachinayi chipale chidagwa chosanena, ndipo mmawa mwake kudacha kopanda kamtambo. 'Mapuleng adali atatopa kumudzi, miyendo itatupa, ndipo anamwino adali atanenetsa kuti ulendo uno akachilire ku chipatala cha ku Butha-Buthe. Lebusa adazidziwa zonsezi, koma mutu wake udali pa ndowa. Adauza anzake kuti wadwala m'mimba, foni adaisiya pansi pa pilo kuti azakhali asamulondole, nasenza matabwa kulowera kuseri kwa phiri. Bambo wa ana atatu, kuthawa nkhalamba ngati mwana woba shuga.

Zoona zinenedwe, kutsikako kudali kokoma kuposa mmene ankaganizira. Chipale chinkafika m'mawondo, chopepuka ngati ufa wosefa, matabwa osalira n'komwe. Adadutsa makola amiyala amene ankagonamo ali mnyamata, ataphimbika mpaka pakhomo. Mawondo adaiwala kudandaula. Atafika pansi pafupi ndi msewu adaima, mapewa n'kudzikweza okha mwa chizolowezi, kudikira madzi. Sikudabwere kanthu. Adaseka yekha, nadzisisita pabulangete louma.

Kuseka kudathera pamene adayang'ana msewuwo. Padalibe mkukuluzi wa tayala ngakhale umodzi. Sikuti adawachenjerera azakhali, minibasi idalibe podutsa. Ndipo ngati minibasi idalephera kukwera, galimoto yopita ku chipatala ikadatsika bwanji? Chipale chimene adachipempherera zaka zonsezi ndi chomwe chidatsekera mkazi wake m'mudzi. Adafufuza m'thumba, nakumbukira pilo. Mantha adamugwira, ndipo adadzitukwana mokweza popanda womumva.

Adatsata msewuwo pamatabwa mpaka chipale chidayamba kupyapyala, kenako adawasenza, nayenda ndi nsapato zolimbazo zomwe sizipindika. Adafika ku Moteng dzuwa litapendeka, zidendene zitasupuka. Pakhomo padali zii. Ana ake atatu adali atawapititsa kwa oyandikana nawo, ndipo chitseko chidali chotseka. Mwamuna salowa m'nyumba imene mkazi akuchiliramo, choncho adaima pabwalo, matabwa ali paphewa.

Azakhali adatuluka chimanjamanja, maso ofiira ndi tulo. Lebusa adali asanawaonepo manja awo opanda ndowa pa tsiku ngati limeneli, ndipo adayesa kuti zavuta m'nyumbamo.

"Takuimbira mpaka foni kutentha," adatero. "Akuti ukudwala m'mimba. M'mimba mwako mumayenda ndi matabwa?"

"Azakhali, 'Mapuleng ali bwanji?"

"Wayamba liti kufunsa ndi pakamwa? Ima pomwepo."

Adazungulira kuseri kwa nyumba pang'onopang'ono, monga amayendera anthu amene akudziwa kuti ukuwadikira. Lebusa adamva chivindikiro cha mgolo chikugwa, kenako madzi akudzaza m'ndowa. Adaika matabwa pansi, navula chipewa, naweramitsa mutu. Madziwo adali a kumgolo wa panja, ozizira olasa m'mafupa, ndipo sadasunthe phazi.

"Wamkazinso," adatero azakhali. "Wativutitsa, koma onse awiri ali moyo. Mayi ake akumwa phala."

Lebusa adasuzumira m'ndowamo. "Mwatsala ena pansipo, azakhali. Thirani onse."

Chimfine chidamugoneka sabata yathunthu, ndipo adadandaula za ndowayo kwa aliyense wobwera kudzamuzonda, mpaka anthu adatopa naye. Khwawa la Abusa sadalitsikenso, mawondo adakana. Alendo akamufunsa malo amene adatsetsereka mokoma kuposa onse, amatchula khwawalo mwachidule, n'kuyamba kufotokoza za msewu wa ku Moteng, womwe theka lake adauyenda wapansi.