Jakisoni Mmodzi, Manesi Awiri

Lero ndi tsiku lachitatu ndikudya choimirira, ndipo wina andiyankhe.

Ndine telala ku Kabwata. Ntchito yanga ndi yokhala pansi, ndipo diresi la ukwati wa mwana wa atcheyamani a chipani likufunika Loweruka. Lolemba chifuwa chidandithina, ndidapita kukiliniki. Ndidafika 7 koloko, mzere ngati wa shuga kusitolo ya boma. Pa 10:40 adokotala adalemba jakisoni mmodzi. Mmodzi!

M'chipinda cha jakisoni muli manesi awiri, ba Sisita Zulu ndi ba Sisita Chanda. Kabwata yense akudziwa kuti awiriwa samwerana madzi, kuyambira pamene adalimbirana ketulo ya tiyi. Akulu awo adawatumiza kukosi ya sabata yathunthu ku Woodlands, akaphunzire kukhalitsana pantchito. Anali atangobwerako.

Ndidagona chafufumimba, buluku lili m'mawondo. Ba Zulu adatenga jakisoni.

"Uyu pesheti ni wanga," adatero ba Chanda. "Ndine ninamulemba mu buku."

"Nanga anabilisa nyeleti nindani?" adayankha ba Zulu, akuloza singano imene adaiwiritsa.

Kale akadatukwanizana, wina n'kutuluka, wina n'kundibaya, ine n'kumapita. Koma ayi, anthu ophunzira! Adakoka mipando. Ati kukosi adawauza kuti aliyense azinena za kumtima kwake, mnzake osamudula. Ba Chanda adayambira pa ketulo ya chaka chatha. Mphindi makumi awiri ndi zisanu, ine mphepo ikundiwomba malo amene ngakhale mkazi wanga sawaona masana.

"Ba Sisita, nanga ine?" ndidafunsa.

"Ba Komuledi, osangena mu nkhani," adayankha onse pamodzi. "Imwe simunayende ku kosi."

Pa 11:30 adagwirizana kuti pasakhale wopambana kapena wogonja. Mankhwala adawagawa pakati. Ba Zulu kumanzere, ba Chanda kumanja, nthawi imodzi. Ndidakuwa mpaka mlonda adasuzumira. Iwo adakumbatirana, misozi ili mbwembwembwe, n'kupita kukamwa tiyi.

Pano makina ndikupalasa choimirira, msoko ukukhota ngati ukupita kutali ku Chelstone, ndipo amayi a mkwatibwi abwera kale kawiri. Mtima ukundiwawa kuposa kumbuyoku.

Inu amene mudakonza kosiyo, tsamba lonena za wodwala mudakulungira mtedza? Lachisanu ndiyenera kukabayidwanso, ndipo ndamva kuti kwabwera nesi wachitatu, nayenso wa kosi yomweyo. Mundiuze msanga, iyeyo adzabaya pati?