Mapazi m'beseni ku Ngara

Moni nonse. Ndikulemba izi kuti mawa wina asadzanene kuti ndinaona koma ndinakhala chete.

Mkamwana wanga NyaGondwe, mkazi wa Lusekelo, wakhala akusowa pakhomo masana aliwonse pamodzi ndi mapasa ake. Lero ndinamulondola mpaka kuseri kwa nyumba ina kuno ku Ngara, poganiza kuti kuli mwamuna.

Mwamuna kunalibe. Ndinapeza amayi atatu atakhala pa benchi, mapazi ali m'mabeseni a madzi ofunda, atatsinzina. Wachinayi anali pa mphasa kulera ana a onsewo. Chimene chinandikayikitsa ndi chakuti panalibe woyankhula. Amayi kukhala pamodzi osajeda munthu, ndi mpingo wanji umenewo?

NyaGondwe, mmodzi wa atatuwo, atandiona anagwada. "Amama, tikungopuma. Timasinthana kulera ana. Mapasawa sandigonetsa."

"M'madzimo mwathiramo chiyani?"

"Mchere basi. Tayesaniko."

Ndinaviika mapazi pofuna kufufuza, osati china ayi. Abale, ndinadzidzimuka dzuwa litapendeka, atandifunditsa chitenje cha eni. Ine sindinagonepo masana chichokereni ku koleji. Kodi mchere wokha ungachite zimenezi?

Lusekelo mwana wanga, usamukalipire mkazi wako ndisanamalize kufufuza. Enanu mukuti bwanji? Ndimuletse, kapena ndipitenso mawa ndi beseni langa kuti ndikatsimikize?

Amene analipo ndi awa: NyaGondwe, NyaKaonga, NyaMsiska, NyaMhango wolera ana uja, ana eniakewo, ndi ine, ngakhale za kumapeto sindingazichitire umboni.