Mabuleki Anga ndi Bwana Tayi

Anzanga, ndinakumana naye mu shopu ya ma spare a galimoto. Ine ndili mu ovolosi, girizi mpaka m'zigongono, iye tayi pakhosi, akununkhira ngati wagwera m'botolo la perefyumu.

"Sisi, ma brake pad amenewo akutumani abambo anu?"

"Ayi, ndi anga. Nanga tayiyo akumangani amayi anu?"

Anaseka mpaka wogulitsa kutiyang'ana. Kuyambira pamenepo dzina lake linali Bwana Tayi, ndipo nambala yanga anapita nayo.

Kunyumba ndili ndi kagalimoto kamene achimwene anandisiyira atatopa nako. Ndinkakakonza ndekha kuseri kwa nyumba. Kudula dzimbiri, kumata fila m'mabowo, kupala ndi sandipepa mpaka zala kuchita matuza. Bampala yatsopano, kaphiko ka spoiler kumbuyo, penti yofiira. Sikudzitama ayi, koma anyamata a mumsewu mwathu ankaima pa geti kukamwa kuli yasa!

Bwana Tayi ankabwera Loweruka lililonse. Ukamutuma sipanala ankabweretsa pulayala, koma ankandipukuta thukuta pamphumi n'kumati, "Babe, ngati iwe kulibe."

Mtima wanga unapita, osanama. Amayi nawo anayamba kumusungira mpando wabwino uja wa alendo.

Ndiye linafika tsiku la mabuleki. Ndinasintha ma disc ndi mapaipi onse, kunangotsala kuchotsa mpweya. Imeneyi si ntchito ya munthu mmodzi. Wina amakhala pa chiwongolero, kuponda buleki n'kuigwira, wina pansi pa galimoto kumasula kanati kuti mafuta atuluke limodzi ndi mpweya. Wapamwambayo sumuona, umangomva mawu ake. Mpweya ukatsalira, pamsewu buleki imangolowa ngati waponda siponji.

Ndipo mawa lake ndimayenera kupita ndi amayi kuchipatala kukaonetsa mwendo wawo, msewu wake wotsetsereka. Iye ankadziwa.

"Ponda, ugwire!" ndinakuwa ndili pansi.

"Ndaponda, babe!"

Ndinamasula kanati. Mafuta amayenera kuthamanga kuti tsiii... koma anangodontha.

"Waponda zoona?"

"Ndagwira, usadandaule!"

Ndinayesanso. Kadontho komweko. Ndinaganiza kuti mwina ndalakwitsa ndine, koma ntchito yanga ndimaidziwa. Ndinakwawa mwakachetechete n'kudzuka...

Anzanga!

Miyendo yonse iwiri ili pa dashibodi, foni pakhutu, akunong'ona: "Ndili kwa makaniko, sweetie. Akamaliza ndidzakutenga pa galimoto yofiira ija."

Kenako anaphimba foni ndi dzanja n'kukuwira pansi: "Ndapondabe, babe!"

Ine ndili chiimire pa windo pake.

Makaniko. Ine! Zinandiwawa, koma misozi yanga sanaione.

"Tsika."

"Babe, ndi cousin ameneyu, tamvera..."

"Tsikani bambo. Makaniko watseka."

Anatuluka pa geti akupunthwa. Amayi anabwera ndi manja onyowa, akuchokera kotsuka mbale.

"Kwagwanji? Mlendo wapita osatsanzika?"

"Amayi, takhalani apa mundipondereko."

Anavula patapata, n'kuponda ndi mwendo wawo wodwalawo. "Ndaponda, mwanangu." Ndinamasula, mafuta tsiii mpaka kumaso kwanga. Ndinalirira pansi pomwepo, sipanala ili m'manja, pamene palibe akanandiona.

Za sweetie uja mwina ndikanadzaiwala, anthu amakhululukirana zambiri. Koma munthu woti anene "ndaponda" mwendo uli m'mwamba, akudziwa kuti mawa m'galimotomo mukwera amayi anga, ameneyo pa geti pathu asadzagogodenso.